Chizungu tili nacho, koma kuno ku Glasgow amafuna uziyankhula

Abale anga a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi konse uko, ambiri mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti kodi Chizungu cha kuno ku Scotland chikuvuta bwanji, makamaka inu manesi amene mukukonzekera mayeso a Chizungu a IELTS ndi OET, nde ndati ndingolemba kamodzi aliyense awerenge.

Choyamba musadzidelere. Galamala ife timaidziwa, kalata timalemba bwino kuposa anthu ena obadwira konkuno, paja MSCE sungapate setifiketi usanakhoze English nde tinailimbikira. Koma taganizani mmene tinaphunzirira. Aphunzitsi kutsogolo akulemba manotsi pa bolodi, ife tikukopera, akafunsa funso tikuyankha tonse pamodzi kalasi yodzadza mpaka pakhomo, ndipo ku sekondale ma prefect ankalemba maina a oyankhula Chichewa nde ambiri tinaona kuti bola kungokhala chete. Pa MSCE pali composition, summary, comprehension, literature, koma pepala loti ukhale pansi ucheze ndi munthu palibe. Tinatuluka sukulu Chizungu chili m'mutu ndi m'manja, pakamwa pali zii.

Kuno ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo madzulo ena ndimapita ku kalasi ya Chizungu ku koleji. Mipando amaiika mozungulira, mphunzitsi ndi mayi wamkulu ndithu msinkhu wa amayi anga koma amafuna tizimutchula dzina lake loyamba, opanda madam opanda chani, mpaka pano lilime limalemera. Akafunsa funso sakufuna yankho la m'buku ayi, amati iweyo ukuganiza bwanji, ukayankha amafunsanso chifukwa chani, ndipo ukamutsutsa ndi pamene amasangalala. M'kalasi mwathu muli a ku Syria, Ukraine, Eritrea, Brazil ndi China. Mnzathu wa ku Brazil amalowerera wina asanamalize, galamala ili yokhota koma akungopita, ndipo ndi amene akusintha msanga kuposa tonse. Mtsikana wa ku China ali ngati ife, amayamba wakonza chiganizo chonse mumtima kuti chisalakwike, akamati atsegule pakamwa nkhani yadutsa kale.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Chimene chimatigwira si Chizungu, ndi ulemu umene tinaleredwa nawo. Kwathu wamkulu akamayankhula umayang'ana pansi, sumudula, sumufunsa kawiri, umangoti chabwino ngakhale sunamve kenako ukafunse mnzako panja. Ndi khalidwe labwino ndipo ine sindichita nalo manyazi. Koma kuno amaliwerenga mwina. Ukayang'ana pansi amaganiza kuti ukubisa kanthu kapena sukumvetsera. Ukakhala chete pa miting'i amati ulibe maganizo kapena ntchito sukuifuna. Ndipo choopsa kwambiri ndi ichi chovomera usanamve, chifukwa pa ntchito ngati yathuyi nkhani ndi ya mankhwala, ya chakudya choti wina sayenera kudya, ya gogo amene sangathe kumeza bwino, nde ukangoti eya kuopa kuoneka wosadziwa ukhoza kupweteka munthu. Kunena kuti pepani sindinamve bwerezaninso pang'onopang'ono, kuno ndi chizindikiro choti ntchito ukuitenga serious, palibe amakuseka.

Ndipo kusamva kudzakupezani ndithu. Tauni yathu ya Blantyre inatenga dzina ku Blantyre wa kuno, kwawo kwa David Livingstone, ndi pafupi pompa pa sitima, koma musaganize kuti mayankhulidwe ndi aja a pa BBC. A Glasgow amathamanga, amameza mawu, okalamba nde ali ndi mawu awoawo achi Scots omwe simunawaonepo m'buku. Nawonso amavutika ndi ife, L ndi R timasakaniza komanso timakonda kuika i kumapeto kwa mawu, nde pa foni ndi bwino kutchula dzina kapena adiresi chilembo chimodzichimodzi.

Moni nayenso ndi wina. Munthu amakufunsa uli bwino akuyenda, sakudikira yankho, pomwe ife timaima, mwadzuka bwanji, kunyumba ali bwanji, nanga ana. Macheza awo amayambira pa nyengo, mvula, kuzizira, mpira, ngakhale za mpira uzisamala chifukwa za Celtic ndi Rangers zimalowa mpaka ku chipembedzo. Zina zomwe kwathu ndi chikondi kuno zimapweteka, monga kuuza munthu kuti mwanenepatu, kufunsa kuti muli ndi ana angati, bwanji simunakwatiwe, mumapemphera kuti, mumalandira zingati. Zisiyeni mpaka mwini wake aziyambe. Chimene tikufanana ndi kuzungulira. Bwana akati mwina ungaganizireko kuchita chakuti ukapeza mpata, akutanthauza kuti chita lero, ndipo izi Mmalawi sizimuvuta kumva chifukwa ifenso sitilasa nkhani pamutu.

Komanso ndinene, ulemu wathuwu uli ndi malo ake. Agogo amene ndimawasamalira amakonda kuti ndimawapatsa moni wokwanira, ndimakhala pansi kumvetsera osawathamangitsa, ena ana awo amabwera mwa apo ndi apo nde munthu wowafunsa mmene agonera ndi wamtengo wapatali kwa iwo. Zimenezo musazitaye pa Chileka.

Kwa inu a mayeso, gawo loyankhula la IELTS limatenga mphindi 11 mpaka 14, ndipo pakati pake amakupatsa mutu, mphindi imodzi yokonzekera, kenako uyankhule wekha mpaka mphindi ziwiri. Bungwe la manesi la kuno la NMC limafuna kuti pa IELTS upeze 7 pa kuyankhula, kumvetsera ndi kuwerenga, 6.5 pa kulemba. Yoyankhulayo siyotheka ndi kuloweza mayankho, woyesa amazindikira msanga. Pezanani anthu atatu anayi Loweruka masana, wina atenge foni aziwerenga nthawi, sankhani nkhani yoti mumakangana kale, kaya za ma minibasi a Limbe kaya za Bullets ndi Wanderers, mutsutsane mu Chizungu mukuyang'anana m'maso, wolakwitsa asasekedwe. Bundle ikapezeka mverani anthu wamba a ku Scotland, Liverpool kapena Ireland pa YouTube osati owerenga nkhani okha.

Ndipo aphunzitsi ndi makolo, mwana akafunsa kuti chifukwa chani musafulumire kumuti wamwano. Muyankheni, kenako mumufunse kuti nanga iweyo ukuona bwanji, mu Chichewa momwemo zilibe kanthu, bola azolowere kuti wamkulu akhoza kufunsidwa.