Odoo pa bajeti yogulira zipangizo: makilo imawerenga bwino, makwacha muwerenge nokha

Fakitale yaing'ono yopanga chiponde imakhala ndi funso lomwelomwe mwezi uliwonse: tigule mtedza wochuluka bwanji, ndipo udya ndalama zingati? Odoo, pulogalamu ya pakompyuta yoyendetsera bizinesi yochokera ku Belgium, imayankha bwino mbali yoyamba ya funsoli.

Mumayamba ndi kulemba Bill of Materials, mndandanda wa zonse zolowa m'botolo limodzi: mtedza, mchere, botolo, chivindikiro ndi lebulo. Kenako mu Master Production Schedule, ndandanda ya zopanga, mumaika mabotolo amene mukuyembekezera kugulitsa mwezi ndi mwezi, komanso katundu amene mukufuna kuti azitsala m'sitolo.

Tiyerekeze kuti mu Julaye mupanga mabotolo 10,000 a magalamu 500, ndipo lililonse limadya makilo 0.6 a mtedza wosenda. Amenewo ndi makilo 6,000. Mu Ogasiti mudzafuna makilo 7,200, ndiye mukufuna kuti 20 peresenti yake, makilo 1,440, ikhale ilipo kale pakutha pa Julaye. Mukachotsa makilo 1,200 amene ali m'sitolo, oti mugule ndi makilo 6,240, matumba 125 a makilo 50. Odoo imachita masamu otere pa chipangizo chilichonse nthawi imodzi, ndipo mukasintha chiwerengero cha mabotolo, zonse zimasinthira limodzi. Imasunganso masiku amene wokugulitsani amatenga kuti katundu afike, zomwe n'zofunika kwambiri pa mabotolo ochokera ku South Africa.

Pamene ambiri amagwa ndi pa 0.6 paja. Wolemba 0.5 chifukwa botolo ndi la magalamu 500 waiwala kuti mtedza umapepuka pokazinga, timakoko tofiira timachoka, ndipo wachuku ndi wofwapa umatayidwa posankha. Pulogalamuyi siingakuchenjezeni, imangokhulupirira nambala imene mwaipatsa. Pimani thumba lisanasankhidwe, mupimenso chiponde chimene latulutsa, muchite zimenezi pa matumba angapo a ogulitsa osiyanasiyana.

Chimene chikutidandaulitsa n'chakuti ndandanda ya zopanga ija imaonetsa kuchuluka kwa katundu basi, osati ndalama. Bajeti yeniyeni imafuna mtengo wa mwezi uliwonse, pomwe mtedza umatchipa nthawi yokolola n'kukwera kwambiri mvula ikayamba. Zochokera kunja nazo zimatsata dola: kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yakale ya mabotolo inasanduka yachabe. Tengerani makilowo mu Excel, mwezi uliwonse muupatse mtengo wakewake, ndipo zolipira ndi ndalama zakunja zikhale pa mzere wapadera.

Dziwaninso kuti Master Production Schedule ili mu Odoo yolipira, ya Enterprise. Ya Community, yomwe ndi yaulere, ilibe. Ngati mumapanga chinthu chimodzi kapena ziwiri, Excel yokha ikukwanirani. Odoo iyamba kubweza ndalama zake mukakhala ndi zinthu zambiri zogwiritsa ntchito mtedza womwewo ndi mabotolo omwewo.