Miyezi 9 kachidole ka Hitler kali pa shelefu, mmene zayendera

Papita miyezi 9 chimalizireni diorama yanga (kachionetsero ka tizidole) ya kumunda wa Reich Chancellery, ofesi ya Hitler ku Berlin. Nthawi yomwe ndinkaimanga ndinali ndi nkhawa ziwiri, yoyamba yoti penti ndi guluu sizikhalitsa, yachiwiri yoti munthu akangoona nkhope ya Hitler mnyumba mwanga aziganiza kuti mwina ndimamukonda. Yoyambayo inatha msanga koma yachiwiriyi ndi imene yandisowetsa tulo kangapo.

Ndi sikelo ya 1/35, ndiye munthu wamkulu amatalika masentimita 5 basi, ngati chala chaching'ono. Zomwe ndinaumba ndi za mu Malichi 1945, kutatsala milungu yochepa kuti Berlin igwe, pomwe Hitler anatuluka kukaona anyamata a Hitler Youth, gulu la achinyamata la chipani cha Nazi, amene analandira mendulo ya Iron Cross, mtsogoleri wawo Artur Axmann ali pambali. Kanema wake alipo mpaka lero. Mmodzi mwa anawo anali ndi zaka 12 zokha, Hitler akuwasisita masaya, kolala ya jasi ataiimika, dzanja lamanzere atalibisa kumbuyo chifukwa linkanjenjemera. Pofika pa 30 Epulo anali atadzipha.

Ndiyambe ndi kachidoleko. Hitler ndi Axmann ndi a resin (utomoni woumitsa), anyamata asanu ndinawasintha kuchokera ku asilikali a pulasitiki, kufupikitsa miyendo, kuchepetsa mapewa ndi putty. Resin imatulutsa nkhope bwino kwabasi, matumba a mmunsi mwa maso, ndevu zija, makwinya a jasi, zonse zimaoneka ndipo mpaka pano palibe chomwe chapindika kapena kusweka chokha. Vuto linali dzanja lakumbuyo lija. Ndinangolimata ndi superglue osaika kanthu mkati, mwezi wachitatu ndikupukuta fumbi ndi bulashi linangothothoka, ndinalifunafuna pansi mpaka kugwada ndi tochi. Kulakwa kunali kwanga. Ndinaboola mbali zonse ziwiri ndi kadrill ka 0.5 mm nkulowetsa kawaya ka mkuwa, chimatireni sichinagwedezekenso. Ndiye anzanga ngati mukumata resin, ikani waya pa khosi, pa mikono ndi pansi pa mapazi tsiku loyamba lomwelo. Komanso mukamakwecha resin nyowetsani sandipepa, valani masiki, fumbi lake si labwino mmapapo.

Penti ya acrylic pamwamba pa primer, penti yoyamba yapansi, yagwira bwino, kungoti phewa la jasi pomwe ndimakonda kugwira ndikamasuntha linayamba kunyezimira, mafuta a mzala amenewo, ndinapakanso vanishi wosawala zinatha. Fumbi ndiye linandivuta zedi chifukwa pansi pake ndi zidutswa za njerwa za pulasitala ndipo simungapukute osachotsapo zina. Mwezi wachinayi ndinaivindikira ndi bokosi loonekera mkati, ndimayenera kutero kalekale.

Tsopano nkhani yeniyeni. Poyamba ndinamuika Hitler pakati, pa sitepe yokwererako pang'ono, nkhope ikuyang'ana munthu woonera, chifukwa ndi amene ndinataya naye nthawi yambiri popenta ndiye ndinkafuna nkhopeyo izioneka. Tsiku lina mnzanga anabwera ndi mwana wake wa zaka ngati 14, mwanayo anawerama nkuyang'anitsitsa kwa nthawi, kenako ananena kuti mkulu wa pakatiyo akuoneka wamphamvu, ngati bwana weniweni. Sanafunse chilichonse za anyamata aja, sanawaone nkomwe. Mtima unandiwawa usiku wonse. Mwanayo sanalakwe, anaona zomwe ine ndinamuonetsa. Ndinali nditamanga chiboliboli cholemekeza munthu amene ulamuliro wake unapha Ayuda pafupifupi 6 miliyoni, osatchula anthu a mtundu wa Roma (ma Gypsy), olumala, akaidi a nkhondo a ku Soviet Union, ndipo ndinachita zimenezo osazindikira, pongosankha poimika kachidole ka masentimita 5.

Mmawa mwake ndinazula. Ndinachotsa sitepe ija, Hitler ndinamutembenuza kuti woonera aziona msana wake wowerama ndi dzanja lobisika lija, nkhope izingooneka mbali imodzi. Anyamatawo ndi amene tsopano akuyang'ana kwa iwe. Ndinabwereza nkhope zawo ndi penti ya oil, masaya ofiira pang'ono ndi kuzizira, zipewa zowakulira zofika mmakutu, mikono ya malaya yophimba zala. Wamng'ono kwambiri ndinamuika kutsogolo, mendulo ikuoneka yaikulu pa kachifuwa kake. Pansi ndinamata kapepala kolembedwa kuti Berlin, Malichi 1945, wamng'ono anali ndi zaka 12. Basi.

Chisinthireni, mafunso a anthu anasinthanso. Pafupifupi aliyense amayamba ndi kufunsa kuti ana awa akutani mu yunifomu, ndani anawatumiza, makolo awo anali kuti, kenako ndi pomwe amazindikira mwini msanawo. Ndipo chomwe chimandikhudza nchakuti kanema woyambirira uja anajambulidwa kuti akhale propaganda, kuonetsa kuti ngakhale ana ali okonzeka kufera mtsogoleri, ndipo mbali yoonetsa dzanja likunjenjemera anaidula. Ine ndinangoimika kamera mbali yomwe iwo sankafuna.

Sikuti onse amagwirizana nazo. Bambo ena achikulire atabwera kudzacheza anaiyang'ana pang'ono nkundipempha mwaulemu kuti ndiiphimbe, anati nkhope ya munthu ameneyu safuna kukhala nayo chipinda chimodzi ngakhale atatembenuka bwanji. Ndinaphimba ndi nsalu, sindinatsutse, ndipo sindikuona kuti analakwa. Kuyambira tsiku limenelo ndinaichotsa pochezera alendo, ili mchipinda chomwe ndimagwirira ntchito, amene akufuna kuiona ndimayamba ndamuuza kaye chomwe akaone.

Za swastika, chizindikiro cha chipani cha Nazi, ndinavutika nazo maganizo. Malamba a pamkono a Hitler Youth, ofiira ndi oyera aja, anali ndi chizindikirocho pakati. Ku Germany gawo 86a la malamulo a milandu limaletsa kuonetsa zizindikiro zimenezi poyera, kupatula pa zinthu monga maphunziro, kafukufuku ndi zaluso, nchifukwa chake makampani ambiri a ma model amachichotsa pa bokosi kapena amadula decal, kasitika komata pa model, pawiri kuti ulumikize wekha. Ine ndinaika pa anyamata awiri, chifukwa kumuchotsa mwana chizindikiro chomwe anamuveka kuli ngati kubisa yemwe anamuchita zimenezi. Koma ndikamajambula zithunzi zoti zipite pa intaneti ndimasankha mbali yomwe sichikuoneka, chithunzi chikachoka mmanja mwako chimapita chokha, kapepala kanga ka zaka 12 kaja sikapita nacho. Decal imodzi yayamba kuyera mmphepete, pansi pake sindinapake vanishi wowala wokwanira, ndiikonza.

Kodi ndingagulenso? Kachidoleka eya, kakhalitsa ndipo kanaumbidwa mwaluso. Zomwe sindingagule ndi mutu ndi chifuwa cha Hitler pa thabwa lopolishidwa ndi dzina la golide, kapena iye ataimirira mu Mercedes G4 ya matayala 6 ija mkono uli mmwamba khamu likukuwa. Pamenepo sukufotokoza mbiri, ukungomaliza ntchito yomwe Goebbels, nduna ya propaganda ya Hitler, anayamba.

Ndipo miyezi imeneyi yandipangitsa kuyang'ananso tizidole tina tomwe palibe amene amadandaula nato. Rommel, mkulu wa asilikali a Germany, aliyense amamuika pa galimoto yake yankhondo ya Greif mchipululu osaganiza kawiri, kampani ya ma model ya Tamiya inamuika mu bokosi limodzi ndi akuluakulu a asilikali a Britain ndi America, Montgomery, Patton, Eisenhower ndi MacArthur, komatu mu 1939 ku Poland ndi iyeyo ankatsogolera asilikali olondera Hitler, ngakhale pamapeto pake mu Okutobala 1944 boma la Hitler lomwelo linamukakamiza kumwa poizoni. Mussolini wa ku Italy ambiri amamuumba akukwera kandege ka Storch pa phiri la Gran Sasso mu Seputembala 1943, nkhani yosangalatsa yopulumutsa munthu, koma ndi yemweyo amene ndege zake zinathira mpweya wa poizoni pa anthu a ku Ethiopia mu 1935 ndi 1936. Churchill kwa ena ndi ngwazi, kwa anthu ambiri a ku India dzinalo limawakumbutsa njala ya ku Bengal ya 1943 yomwe inapha anthu mamiliyoni.

Pa tebulo langa pano pali atatu a ku Yalta, msonkhano wa Febuluwale 1945 ku Livadia Palace, Churchill, Roosevelt ndi Stalin atakhala pa mipando. Awiriwo ndinayamba kuwapenta. Stalin akadali ndi primer yotuwa yokha kwa miyezi iwiri tsopano, chifukwa ndikamuyang'ana ndimaganiza za anthu a ku Poland pafupifupi 22,000 amene anaphedwa mu 1940 pa lamulo lomwe iye anasainira, ena mwa iwo ku nkhalango ya Katyn, ndipo pa msonkhano womwewo amakambirana tsogolo la Poland yomweyo. Pa bwalo la Livadia panalibe mwana wa chipewa chomukulira woti ndimuike kutsogolo. Ndayesa kusuntha mipandoyo kangapo, ndayesa kuika msilikali wolondera kumbuyo, ndayesanso mapu a Poland pa katebulo pambali pawo, mapuwo ndi amene ndikuona ngati angagwire, ndikuwajambula pa kapepala kopyapyala ndi pensulo yosongoka kwambiri.