Melaka kapena George Town: mupite kuti ngati masiku ndi ochepa?

Anzanga amene amapita ku Kuala Lumpur, likulu la Malaysia, pa za sukulu kapena malonda akhala akundifunsa kuti akapeza masiku opuma apite ku Melaka kapena ku George Town. Mizinda iwiriyi inalowa limodzi pa mndandanda wa UNESCO wa malo a mbiri yofunika padziko lonse mu 2008, ndipo uliwonse uli ndi msewu umene kachisi wa Ahindu, mzikiti ndi kachisi wa Abuda zili moyandikana. Ine ndimawauza kuti George Town, ndipo sindibisa kuti Melaka inandisiyira chilonda.

Pa mayendedwe Melaka ndiyo yapafupi: basi yochokera pa siteshoni ya TBS ku Kuala Lumpur imatenga pafupifupi maola awiri. Ku George Town muyenda maola anayi pa sitima yamagetsi ya ETS mpaka ku Butterworth, kenako muwoloke pa boti kupita pachilumba cha Penang.

Pa ukale Melaka ilibe mnzake. Apwitikizi anailanda mu 1511, Adatchi mu 1641, Angerezi n'kuitenga mu 1824. Pa kamsewu kamodzi kopapatiza, kamene mbali ina ndi Jalan Tokong mbali ina Jalan Tukang Emas, pali kachisi wa Atchaina wa Cheng Hoon Teng wa m'ma 1640, mzikiti wa Kampung Kling wa 1748 umene nsanja yake inamangidwa ngati ya kachisi wa Atchaina, ndi kachisi wa Ahindu wa Sri Poyyatha Vinayagar Moorthi wa 1781. Wotsirizayu anamangidwa ndi a mtundu wa Chitty, zidzukulu za amalonda a Chitamil amene anakwatirana ndi eni nthaka. Izi n'zimene ndinapitira.

Koma ndinafika Loweruka. Pafupi ndi nyumba zofiira za Stadthuys pamaima njinga za mawilo atatu zonyamula alendo, ngati kabaza wathu koma zokutidwa ndi maluwa apulasitiki, zidole ndi zimasipika. Ndinapangana ndi bambo wina woyendetsa kuti andionetse nyumba zitatu zopempherera, mtengo tinagwirizana. Iye anayamba kundizungulitsa m'masitolo a anzake, apa maswiti, apa malaya, nyimbo zili phokoso mpaka kulankhulana kosamveka. Tinafika pa kachisi wa Ahindu dzuwa lili paliwombo, chitseko chotseka. Akachisi ambiri a Ahindu amatseka masana n'kutsegulanso madzulo, ndipo munthu amene amadutsa pamenepo tsiku lililonse sangalephere kudziwa zimenezo. Pomaliza anati nthawi yapitirira, ndiwonjezere ndalama.

Ndalamazo sizinandipweteke kwambiri. Chinandiwawa n'choti malo amene anthu akhala akupemphererapo zaka zoposa mazana awiri anangowasandutsa poimira pang'ono pakati pa sitolo ndi sitolo. Madzulo ake msika wa usiku wa Jonker Street, umene umachitika Lachisanu mpaka Lamlungu, unadzaza moti ngakhale kuponda pansi kunali kovuta, ndipo kamsewu ka akachisi kali pafupi pomwepo.

George Town ndi wamng'ono pa zaka, poti Mngerezi Francis Light anaukhazikitsa mu 1786, koma chipembedzo kumeneko chili ndi mpata wopumira. Mukayenda wapansi mu Jalan Masjid Kapitan Keling mumadutsa tchalitchi cha St George cha 1818, kachisi wa Atchaina wa Kuan Yin wofuka utsi wa zofukiza kuyambira m'mamawa, kachisi wa Ahindu wa Sri Mahamariamman wa 1833, n'kufika pa mzikiti wa Kapitan Keling umene Asilamu ochokera ku India anauyamba mu 1801. Ogulitsa maluwa amagulitsa kwa opemphera. Alendo aliponso ambiri, osakana, koma mzinda ndi waukulu ndipo amamwazikana. Wofuna za Chibuda adzakhuta: ku Air Itam kuli Kek Lok Si, kachisi wamkulu wa paphiri amene nsanja yake pansi ndi ya Chitchaina, pakati ya Chithai, pamwamba ya Chibama.

Chakudya nachonso ndi Penang. Nasi kandar, mpunga wothiridwa misuzi ingapo ya curry, ndi wa Asilamu a Chitamil, choncho abale athu achisilamu adya osadandaula, pomwe zakudya zambiri za Nyonya (zosakaniza kaphikidwe ka Atchaina ndi ka eni nthaka) ku Melaka zimakhala ndi nkhumba ndipo muyenera kufunsa kaye.

Kulikonse mungagone, mlendo wakunja amalipira msonkho wa 10 ringgit (ndalama ya ku Malaysia) pa chipinda usiku uliwonse. Funsani ngati waphatikizidwa kale pa mtengo wa pa intaneti. Valani zofika m'mawondo ndi zobisa mapewa, nsapato zosavuta kuvula, ndipo Lachisanu masana mzikiti muusiyire eni ake.

Ngati muli ndi tsiku limodzi lokha, Melaka ndi imene ingatheke. Pitani mkati mwa sabata, mufike m'mawa, muyende wapansi, woyendetsa njinga akakuitanani mukane mwaulemu. Ngati mungagone ngakhale usiku umodzi, gulani tikiti ya sitima ya ku Butterworth msanga, chifukwa kumapeto kwa sabata mipando imatha.