Makadi a tarot a Rider-Waite-Smith patatha miyezi 8: ndemanga yanga, ndi khadi limene linatuluka lozondoka

Ndikupereka nyenyezi 4 mwa 5.

Ndinagula makadiwa pa intaneti mu Januwale 2024, pamtengo wosakwana mapaundi 20, ndipo ndadikira dala kuti papite nthawi ndisanalembe. Katundu akangofika munthu umayamikira bokosi lokha. Ndimakhala ku Leeds, mzinda wa ku England, ndipo ndimagwira ntchito usiku kunyumba yosamalirako okalamba. Choncho nthawi imene ndimawagwira makadiwa ndi cha m'ma 9 koloko m'mawa, ena ali kuntchito, ine nditangofika kumene, makatani nditatseka, koma tulo tikukana kubwera.

Ndiyambe ndi katundu weniweniyo. Makadi alipo 78: akuluakulu 22, ndipo 56 otsalawo agawidwa m'magulu anayi, la malupanga, la zikho, la ndodo ndi la ndalama zachitsulo. Pepala lake ndi lolimba komanso loterera. Kukula kwake ndi pafupifupi masentimita 7 m'lifupi ndi 12 m'litali, kutanthauza kuti amaposa makadi osewerera amene tinazolowera kwathu. Ine manja anga ndi aang'ono, moti masiku oyamba ankangondipulumuka n'kumwazikira pansi. Ndinasiya kulimbana nawo. Masiku ano ndimawayala pabedi chafufumimba n'kuwasakaniza ndi manja awiri ngati ndikuyanika mphale pamphasa, kenako n'kuwasonkhanitsa. Kasakanizidwe kameneka n'kamene kamachititsa kuti ena azitembenuka mutu pansi. Kumsana kwa khadi lililonse kuli timizere topingasana tooneka chimodzimodzi ngakhale mulitembenuze, ndiye simungadziwiretu kuti limene mwatengalo laima bwino kapena lazondoka mpaka mutalivundukula. Zimenezi ndinazikonda, chifukwa palibe mpata wodzinamiza.

Chimene ndikuyamikira kwambiri ndi zithunzi. Anazijambula ndi Pamela Colman Smith, motsatira malangizo a Arthur Edward Waite, ndipo makadiwa anatuluka koyamba ku London mu 1909. Mayiyu anabadwira ku London mu 1878, mbali ina ya ubwana wake anakulira ku Jamaica, ndipo anamwalira ali wosauka ku Bude, m'dera la Cornwall, mu 1951. Kwa zaka zambiri anthu ankangotchula dzina la Waite ndi la kampani yosindikiza, lake osalitchula, ngakhale kuti kachizindikiro ka zilembo za dzina lake kali pangodya ya makadiwo. Makadi ambiri akale ankangoonetsa malupanga asanu kapena zikho zitatu popanda munthu aliyense. Iye anaikapo anthu, nyumba, mitambo, nkhope zachisoni ndi zachimwemwe. N'chifukwa chake munthu wosaphunzira chilichonse cha tarot ngati ine amatha kungoyang'ana n'kumva kanthu.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwafunsa kale mumtima kuti kodi si ula umenewu. Inenso funso limeneli linandivuta, pakuti ndinakulira mu CCAP ku Ntcheu, ndipo kwathu nkhani yopita kokaombeza inali yosayamba n'komwe. Bokosi linakhala masiku anayi ndisanalitsegule. Zimene ndinapeza nditafufuza n'zakuti tarot inayamba ngati masewera chabe a anthu olemera kumpoto kwa Italy m'zaka za m'ma 1400, ndipo zoombeza zinabwera mochedwa, ku France chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Munthu wina wa ku Paris wodziwika ndi dzina loti Etteilla ndi mmodzi mwa oyamba kulemba kuti khadi likazondoka tanthauzo lake limasintha. Ine sindiwafunsa makadiwa za mawa, ndipo sindikhulupirira kuti pepala losindikizidwa kufakitale limadziwa tsogolo langa. Ndimatenga limodzi, ndimayang'ana chithunzicho, ndimalemba m'kope zimene chandikumbutsa. Amene chikumbumtima chawo sichikuwalola, asagule. Ndimawalemekeza, ndipo mayi anga ali m'gulu lomwelo.

Tsopano khadi limene landichititsa kulemba ndemanga ino. Pa Chingerezi amalitchula Nine of Swords, khadi la malupanga asanu ndi anayi. Likaima bwino mumaona munthu wovala zogonera zoyera atadzuka pakati pa usiku, wakhala tsonga pabedi, nkhope wabisa m'manja. Kumbuyo kwake kuli bii, ndipo malupanga asanu ndi anayi andandalikidwa chopingasa, lina pamwamba pa linzake, nsonga zake zikutulukira m'mphepete mwa khadi. Chofunda chake chili ndi maluwa ofiira ndi zizindikiro za nyenyezi. Pathabwa la m'mbali mwa bedi anasemapo anthu awiri, wina akugwetsa mnzake. Aliyense amene anadzidzimukapo 3 koloko usiku mtima ukugunda ngati ng'oma safunika womumasulira.

Linanditulukira m'mwezi wa Febuluwale, ndipo linali chadodolido.

Apa m'pamene ndachotsera nyenyezi imodzi. Kabuku kamene kamabwera m'bokosi n'kakang'ono, zilembo zake zofunika magalasi, ndipo kamangondandalika mawu motsatira zimene Waite analemba kalekale. Khadi likaima bwino akuti ndi imfa, kulephera, kupita padera, kuchedwa, chinyengo, kukhumudwa, kutaya mtima. Likazondoka akuti ndi kutsekeredwa m'ndende, kukayikira ena, chikayiko, mantha okhala ndi chifukwa chomveka, manyazi. Basi. Palibe chiganizo ngakhale chimodzi chokuuza kuti uchite nawo chiyani mawu amenewa. Taganizirani mayi amene mimba inamuchokerapo, wasowa tulo, n'kuwerenga mawu oti kupita padera m'kabuku kameneka ali yekha m'chipinda. Kwa munthu amene mtima wake uli kale m'mwamba, mndandanda wotere ndi mchere pabala.

Nditaona kuti kabuku sikakundithandiza, ndinafufuza zimene omasulira amasiku ano amanena. Iwo agawanika pawiri. Ena amati khadi lozondoka ndi uthenga wabwino: usiku woipa ukutha, malupanga akugwa, munthu wayamba kuona kuti zimene ankaopa zinali m'mutu mwake. Ena amati ayi, kuzondokako kukusonyeza kuti nkhawa yalowa mkati kwambiri, munthu akuibisa, masana akuseka ndi anthu koma usiku ikumudya. Matanthauzo awiriwa ndi otsutsana kotheratu, ndipo poyamba zinandikwiyitsa. Ndinkafuna wina andiuze lolondola. Mtima wanga unathamangira loyambalo chifukwa ndi lokoma kumva.

Koma ndinaliika khadilo papilo momwe linatulukiramo, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Likazondoka, chofunda cha maluwa chija chimabwera pamwamba, chowala, chokongola, ndipo ndicho diso limayamba kuona. Mdima ndi malupanga zimapita pansi. Munthu uja amakhala ngati akulendewera kunsi kwa bedi lake, chofunda chikumubisa. Ndinadziona ndekha. Chofunda cha maluwacho ndi zithunzi zimene ndimatumiza pa WhatsApp nditavala jekete labwino, ndi mawu aja oti "ndili bwino, kaya inu" amene ndinkayankha aliyense.

Ndipo pa mawu onse a Waite, amene anandibaya anali omaliza aja, manyazi. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu kumudzi zinakwera, ndipo mauthenga anachuluka: fizi ya ana a malemu achimwene anga, feteleza, mankhwala a mayi a BP. Kunonso lendi, gasi ndi magetsi sizidikira munthu. Chitupa changa chokhalira muno chimadalira ntchito imene ndili nayo, ndiye kalakwitsidwe kalikonse kakang'ono kuntchito ndinkakatenga n'kupita nako kunyumba, n'kukagona nako. Kodi ndinalemba bwino nthawi ya mankhwala a gogo uja? Bwanji bwana sanandiyankhe moni? M'nyengo yozizira kuno dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko madzulo, moti ndinkatha sabata osaliona. Kwathu timangoti kuganiza kwambiri. Koma ungauze ndani kuti ukuvutika pamene mudzi wonse ukudziwa kuti uli ku Ulaya? Ena anagulitsa mbuzi kuti ndikwere ndege. Kudandaula ndinkakuona ngati chipongwe kwa iwo.

Mantha okhala ndi chifukwa chomveka, mawu enawo, nawonso ndinawamvetsa mwanjira ina nditakhala pansi. Omasulira ambiri amakonda kunena kuti malupanga ali pakhoma, sakumukhudza munthuyo, ndiye zonse ndi maganizo chabe. Ine sindivomereza kwathunthu. Mwa malupanga anga, ena analidi a m'mutu, koma fizi ndi yeniyeni, matenda a mayi ndi enieni. Tsiku limenelo ndinatenga kope n'kujambula mizere isanu ndi inayi, pa mzere uliwonse n'kulembapo chinthu chimodzi chimene chimandidzutsa. Zisanu zinali zenizeni zofunika kuchitapo kanthu. Zinayi zinali zongoganizira zimene ena akundiganizira. Aka kanali koyamba kuziona zitasiyana, chifukwa usiku zonse zimabwera pamodzi ngati chimtambo chimodzi.

Madzulo ake ndinaimbira achemwali anga aakulu ku Lilongwe. Ndinangoti, "Achemwali, ine sindikugona." Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Iwe, ndinakumva kalekale m'mawu. Ndimadikira kuti unene wekha. Wamva m'mimba ndi amene amatsegula chitseko." Tinalira tonse. Tinagwirizana kuti zopempha zonse za kumudzi zizidzera kwa iwo, ndipo ndizitumiza kamodzi pamwezi ndalama imene ndingakwanitse. Za makadi sindinawauze tsiku limenelo. Ndinawauza patapita miyezi iwiri, ndipo sanasangalale nazo, koma sanandidzudzule.

Ndikufuna ndinene mosabisa kuti makadiwa sanandichiritse, ndipo amene akugula ndi chiyembekezo chimenecho ataya ndalama. Chimene anachita n'kundionetsa chithunzi chimene ndinalephera kuchikana. Sabata yotsatira ndinadzilembetsa ndekha pa intaneti ku NHS Talking Therapies, chithandizo cha boma cha uphungu kwa anthu ovutika ndi nkhawa. Kuno ku England sufunika kalata ya dokotala, bola unalembetsa kwa GP, dokotala wa m'dera lako, ndipo salipiritsa. Anandifunsa mafunso 7 okhudza nkhawa m'masabata awiri apitawo, amene amawatcha GAD-7. Malikisi ake amalekezera pa 21, ine ndinapeza 14. Kenako ndinayamba kucheza ndi mlangizi pafoni, njira imene amaitcha CBT, yothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe kake. Chinandidabwitsa n'chakuti china mwa zimene anandiphunzitsa chinali kusiyanitsa nkhawa ya vuto lenileni ndi nkhawa ya "nanga zitati zachitika", zomwe zija ndinayamba mwangozi ndi mizere isanu ndi inayi. Kusiyana kwake, mlangizi amafunsa funso lachiwiri ndi lachitatu, amakumbukira zimene unanena sabata yatha, ndipo amazindikira ukamazemba. Khadi silingachite zimenezo.

Kwa amene ali pamalo oipitsitsa, amene maganizo ofuna kudzivulaza akuwabwerera, musayambe ndi bokosi limeneli. Gulu la malupanga lili ndi zithunzi zolemetsa mtima: lachisanu ndi chitatu ndi mayi womangidwa ndi kutsekedwa m'maso, lakhumi ndi munthu wogona chafufumimba malupanga khumi ali kumsana. Ngati muli ku UK, a Samaritans, bungwe lomvetsera anthu amene avutika mumtima, amayankha pa 116 123 usana ndi usiku, kwaulere. Nambala imeneyi ndinailemba mkati mwa chivundikiro cha bokosi, ngakhale sindinafikepo poiimba.

Pa kulimba kwake ndilibe dandaulo lalikulu. Patatha miyezi 8 ndikuwagwiritsa ntchito katatu kapena kanayi pa sabata, mitundu sinasuluke, ndipo palibe khadi long'ambika. Angapo apindika pang'ono m'ngodya. Bokosi ndi limene linafooka msanga, chivundikiro chake chinayamba kung'ambika mwezi wachitatu ndipo ndinachimata ndi selotepi. Pano makadiwo ndimawakulunga m'kachidutswa ka chitenje, bokosi ndinangolisunga chifukwa cha nambala ija. Mukagula, konzekerani kupezanso buku lina lofotokoza bwino, kapena chitani ngati ine, kabukuko kaikeni pambali muyambe mwayang'ana chithunzi.

Khadi la malupanga asanu ndi anayi latulukanso kawiri chichokereni Febuluwale, kamodzi litaima bwino, kamodzi lozondoka. Ulendo wachiwiriwu unali mu Ogasiti, ndipo nditajambula mizere ndinadzaza itatu yokha. Ndinagona mpaka 3 koloko masana, alamu n'kuchita kundidzutsa kuti ndikonzekere shifiti.