Ufa wa collagen: zimene ndaona nditaumwa kwa miyezi yambiri

Ndinayamba kumwa ufa wa collagen, puloteni imene imagwira khungu ndi mafupa, nditasiya kusamba, ndipo chaka chatsala pang'ono kukwana. Ndi uja wosathira zokometsera, wochokera ku zikopa za ng'ombe, umene pachitini amalemba kuti hydrolysed collagen peptides. Ndimathira magalamu 10 mu tiyi wam'mawa. Amayi anzanga amene munkandifunsa poyamba paja ngati ukugwira ntchito, ndinkakuuzani kuti tidikire kaye. Tsopano ndikhoza kukuyankhani.

Kamwedwe kake sikovuta. M'chakumwa chotentha umasungunuka msanga, koma m'madzi ozizira umaundana timibulu tomata pasupuni, ndipo ukhoza kutakasa mpaka mkono kutopa. Uli ndi kafungo kapatali ka msuzi wa mafupa, kamene mu tiyi sikamveka kwenikweni. Masiku oyambirira mimba inkandidzaza. Ndinachepetsa muyezo kwa kanthawi, zinthu n'kukhazikika.

Chimene chinasintha moonekera ndi zikhadabo. Zinkasendeka kunsonga, n'kumakola nsalu ndikamachapa kapena kuvala. Pano zimakula mpaka kufuna kuwenga. Khungu la m'miyendo, limene linkatuwa n'kumayabwa madzulo, lafewako. Makwinya a m'mbali mwa maso ndi pakhosi ali momwemo. Tsitsi likuthothokabe monga kale. Kutentha thupi mwadzidzidzi ndi thukuta la usiku sizinachepe ngakhale pang'ono, ndipo aliyense wokuuzani kuti ufawu umathetsa zimenezi akukunamizani.

Za mawondo ndilankhule mosamala. Inde, sakuwawa ngati kale ndikamakwera masitepe. Koma nthawi yomweyo imene ndinayamba ufawu ndinayambanso kuyenda ndawala ndi kunyamula tizitsulo, choncho sindingaupatse ulemu wonse.

Kuchepa kwa collagen pa msinkhu wathu si nkhani yopeka ya amalonda ayi. Collagen ndi puloteni yochuluka kwambiri m'thupi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mapuloteni onse. Ndiyo imagwira khungu, minyewa, mafupa ndi zimene zimateteza mafupa m'mfundo kuti asamakhulane. Homoni ya estrogen imalimbikitsa maselo opanga collagen, ndiye ikatsika, amayi ambiri pakati pa zaka 45 ndi 55, ntchitoyo imabwerera m'mbuyo. Bungwe la madokotala a khungu la American Academy of Dermatology limati mayi amataya collagen ya pakhungu pafupifupi 30 peresenti m'zaka 5 zoyambirira atasiya kusamba, kenako pafupifupi 2 peresenti chaka chilichonse. Choncho mukadziona pagalasi n'kudabwa kuti nkhope yasintha mofulumira chonchi, si maganizo chabe.

Funso n'lakuti, kodi collagen yakumwayo imakafika kumene yachepa? Thupi siliitenga yathunthu n'kukaiika pakhungu. M'mimba imagayidwa ngati puloteni ina iliyonse, n'kusanduka tizidutswa ting'onoting'ono monga glycine, proline ndi hydroxyproline, ndipo thupi limatitumiza kumene lafuna lokha. Kuti lipange collagen yakeyake limafunikanso vitamini C, ndiye wosadya zipatso ndi masamba asayembekeze zambiri kuchokera m'chitini. Collagen ilibenso tryptophan, kachidutswa ka puloteni kamene thupi limafuna koma silingathe kupanga lokha, choncho singalowe m'malo mwa mazira, nsomba, nyemba kapena mkaka. Mafuta odzola olembedwa collagen amangofewetsa pamwamba, chifukwa collagen ndi yaikulu kwambiri moti singalowe mkati mwa khungu.

Akafukufuku nawo sakugwirizana chimodzi. Mu 2025 magazini ya American Journal of Medicine inasindikiza kauniuni wa kafukufuku 23 wokhudza collagen ndi khungu. Atamuphatikiza yense, zinaoneka ngati ufawu umathandiza. Koma atapatula yekhayo amene sanalipiridwe ndi makampani, phindulo silinaonekenso. Zimenezi zinandikhudza, chifukwa ambirife timagula ndi ndalama zovutikira, titakhulupirira mawu a pachitini.

Koma chimene chandidetsa nkhawa m'miyezi imeneyi si khungu ayi, ndi mafupa. Khungu timaliona tsiku ndi tsiku, fupa limafooka mwakachetechete, osapweteka, mpaka tsiku limene munthu waterereka pang'ono n'kuthyoka dzanja kapena chiuno. Bungwe la International Osteoporosis Foundation limati mayi mmodzi mwa atatu alionse opitirira zaka 50 adzathyoka fupa chifukwa cha kufooka kwa mafupa. Mayi wachikulire akathyoka chiuno, nthawi zambiri moyo wake subwereranso mwakale: amene ankadziyendera yekha amayamba kudikira womugwira dzanja. Fupa lili ngati khoma la konkire, collagen ndiyo zitsulo zam'kati, kashiamu ndiye simenti. Zonse ziwiri zimachepa estrogen akatsika.

Pano pali kachiyembekezo. Ku Germany kunachitika kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2018 m'magazini ya Nutrients. Anatenga amayi 131 osiya kusamba amene mafupa awo anali atayamba kale kufooka. Ena ankamwa magalamu 5 a collagen patsiku kwa miyezi 12, ena ufa wongofanana nawo. Pamapeto pake, mafupa a msana ndi a m'chiuno a amene ankamwa collagen anali atalimbako. Ndi nkhani yabwino, koma amayiwo anali ochepa, ufawo unali wa mtundu umodzi wa kampani imodzi, ndipo chimene anayeza ndi kulimba kwa fupa, osati kuchuluka kwa amene anathyoka pambuyo pake.

N'chifukwa chake ndikukupemphani, amayi anzanga, chitinichi chisakulepheretseni kukaonana ndi dokotala. Pali makina otchedwa DXA amene amayeza kulimba kwa mafupa popanda ululu uliwonse. Pali mankhwala enieni a mafupa ofooka, palinso chithandizo cha mahomoni chimene chimathandiza ena ngakhale sichiyenera aliyense. Mayi wopitirira zaka 50 amalangizidwa kupeza kashiamu wokwana mamiligalamu 1,200 patsiku, pamodzi ndi vitamini D, komanso kuchita zolimbitsa thupi zimene zimalemetsa mafupa. Fodya ndi kupsa ndi dzuwa zimawononga collagen imene muli nayo kale. Zimenezi umboni wake ndi wolimba kuposa wa ufa.

Ine ndipitiriza kumwa, chifukwa sundivuta ndipo zikhadabo ndi khungu zandikomerako. Koma ndimagula wamba, wopanda shuga ndi zosakaniza zambirimbiri, ndipo mwezi umene ndalama zavuta ndimaudumpha osadandaula, chakudya chabwino n'kukhala patsogolo. Musanagule, werengani kumene wachokera. Wina amapangidwa kuchokera ku nsomba, zomwe n'zoopsa kwa amene nsomba zimawawenga, wina ku nkhumba kapena nkhuku. Zomera sizipanga collagen, ndiye wolembedwa kuti ngwa zomera amangokhala mavitamini ndi zina zothandizira thupi kupanga yake. Ngati muli ndi vuto la impso, kapena dokotala anakuuzani kuti muchepetse mapuloteni, yambani mwamufunsa iyeyo musanatsegule chitini.