tinySA-App pa Linux kudzera mu Wine: mmene yandigwirira ntchito

Ntchito yanga ndi ya zokuzira mawu. Loweruka ndimakhala ku maukwati ndi zinkhoswe, Lamlungu mundipeza kuseri kwa mikisa kutchalitchi kwathu. Amene anagwirapo ntchitoyi akudziwa mmene mtima umadumphira maiki yopanda waya ikayamba kuduladula mawu abusa ali pakati pa ulaliki, mpingo wonse n'kucheuka kuyang'ana iwe. Zinandichitikira kangapo, ndipo kusintha mabatire sikunathandize. Vuto linali loti mafunde ena ankalowerera pa frequency pomwe panali maiki yathu. N'chifukwa chake ndinagula tinySA Ultra, ka spectrum analyser kokwana m'dzanja kamene anakonza Erik Kaashoek wa ku Netherlands. Kamakuonetsa ndi maso zimene zikuyenda m'mafunde a wailesi kuyambira 100 kHz mpaka 800 MHz, ndipo ukatsegula Ultra mode kamakwera kupitirira 5 GHz. Maiki athu ali mu UHF, pakati pa 470 ndi 694 MHz, momwenso mumadutsa wailesi yakanema ya digito, choncho kachidaka kanandikwanira.

Chomwe chinandichepera ndi sikirini. Ndi ya mainchesi 4, ndipo mzere umene imajambula uli ndi madontho 450 basi. Ukati uone dera lonse la maiki nthawi imodzi, dontho lililonse limaimira pafupifupi theka la MHz, moti maiki awiri oyandikana amaoneka ngati chinthu chimodzi. Pamafunika kompyuta. Pulogalamu yake, tinySA-App, ndi ya Windows, pomwe laputopu yanga ndi ThinkPad yakale imene Windows 11 singalowemo. Microsoft itasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndinaikamo Linux Mint. Kugula laputopu ina chifukwa cha pulogalamu imodzi yokha sindikanakwanitsa. Ndiye ndinayesa Wine.

Kwa amene simukuidziwa, Wine si Windows yobisika m'kati mwa Linux ayi. Ili ngati womasulira: pulogalamu ya Windows ikapempha chinthu, kaya kutsegula fayilo kapena kujambula batani, Wine imatembenuza pempholo kuti Linux imve. Ntchitoyi inayamba mu 1993, Alexandre Julliard wakhala akuitsogolera kuyambira 1994, ndipo Wine 1.0 inatuluka mu 2008. Ndi yaulere. Popeza simuyendetsa Windows yathunthu monga zimakhalira mu VirtualBox, laputopu yokalamba ngati yangayi siilemedwa.

Kutsegula pulogalamuyo sikunavute n'komwe. Ndinaika Wine, n'kulemba wine ndi dzina la fayilo mu terminal (zenera lolembamo malamulo pa Linux), zenera n'kutseguka, mabatani onse ali m'malo mwake. Zilembo zina zinkaoneka zazing'ono, koma zowerengeka. Ndinasangalala msanga. Nditalumikiza chidacho, pulogalamu inangokhala duu, osaona kanthu.

Madzulo awiri athunthu anathera apa, ndipo ndikufuna ndifotokoze bwino kuti inu asakuthereni.

Choyamba chinali chingwe. Ndinatenga cha USB-C chimene ndinagula pamsika chotchajira foni, osadziwa kuti chimangopereka moto, mulibe mawaya a data. Chida chinkatchaja bwinobwino, ine n'kumaganiza kuti zalumikizana. Nditabwerera ku chingwe chimene chinabwera m'bokosi, ndinalemba dmesg, lamulo loonetsa zimene Linux yaona zikulumikizidwa, ndipo dzina linatulukira: ttyACM0. Umo ndi mmene Linux imachitchulira chidachi, /dev/ttyACM0. Windows yokha ndiyo imati COM potchula doko lotere, khomo limene pulogalamu imalankhulira ndi chida. Amene muli ndi RF Explorer, chida china cha mtundu womwewu, mudzaona /dev/ttyUSB0, chifukwa m'kati mwake muli chipu cha CP210x cha Silicon Labs.

Kenako chilolezo. Pa Mint ndi Ubuntu, munthu wamba saloledwa kukhudza madoko amenewa pokhapokha akhale m'gulu lotchedwa dialout. Mumalemba sudo usermod -aG dialout n'kutsatiza dzina lanu lolowera. Ine ndinalemba, n'kuyesanso nthawi yomweyo, osatheka. Pamafunika kutuluka kaye mu akaunti n'kulowanso, apo ayi kuzimitsa kompyuta n'kuyatsanso. Musathamangire kuyendetsa Wine ndi sudo, lamulo lopereka mphamvu zonse pa kompyuta, kuti mudutse chidule. Mukatero mwaipatsa pulogalamu ya Windows makiyi a nyumba yonse.

Chachitatu ndi chimene chinandizunguza mutu kwambiri. Kuyambira pa Wine 2.8, Wine imafufuza yokha madoko n'kuwapatsa manambala a COM, ndipo mungawaone mu foda ya .wine/dosdevices. Koma imayamba kuwerenga madoko akale amene Linux imawatcha ttyS, amene pa laputopu yanga alipo 32 pa dzina lokha, kotero tinySA yanga inakagwera pa COM33. Ine ndinkalimbana ndi COM1, COM3, COM4, monga ndinazolowera pa Windows. Njira yabwino ndi kutsegula wine regedit, mmene mumasinthira makonzedwe a Wine, kupita pa HKEY_LOCAL_MACHINE\Software\Wine\Ports, kulenga string yatsopano dzina lake COM1, mtengo wake /dev/ttyACM0, kenako kulemba wineserver -k kuti Wine iyambirenso. Kuchokera tsiku limenelo doko silinasunthenso. Chizolowezi chimodzi chokha ndasunga: ndimayamba ndalumikiza chida n'kuchiyatsa, kenako n'kutsegula pulogalamu, chifukwa Wine imayang'ana madoko pamene ikudzuka.

Mzere utayamba kuyenda pa sikirini yaikulu, ndinaona chimene chinkatisautsa miyezi yonse ija. Tsiku lina Lachisanu madzulo, tchalitchi chili zii, ndinaika kachidako pa gome la kutsogolo, kamlongoti kake nditakakoka, maiki onse atazima. Pa laputopu panatuluka chinthu chonga thebulo, chathyathyathya pamwamba, m'mbali mwake motsetsereka ngati khoma, mulifupi mwake pafupifupi 8 MHz. Imeneyo ndi tchanelo ya wailesi yakanema ya DVB-T2. Nditayatsa maiki ya abusa, kamzere kowonda ngati singano kanatumphuka m'mphepete mwenimweni mwa thebulolo. Ndinaisuntha maikiyo kupita pamalo pomwe mzere unali pansi phee. Lamlungu lake mawu sanadukenso.

Apa m'pamene pulogalamuyi imaposa sikirini ya chidacho. Umatha kuiuza kuti iyese madontho ambiri kuposa 450 aja, ngakhale kuti ukachulukitsa imatenga nthawi kuti imalize ulendo umodzi. Umathanso kusunga zimene wayesa. Panopa holo iliyonse imene ndagwirako ntchito ili ndi fayilo yakeyake, ndipo ndikaitanidwanso komweko ndimadziwiratu malo oika maiki ndisananyamuke pakhomo. Zonsezi zikuyenda mu Wine popanda kuchedwa kumene ndingakuone ndi maso.

Chenjezo limodzi limene si la Wine koma la magetsi: laputopu ikakhala pa tchaja, phokoso limalowa kudzera m'chingwe cha USB ndipo pansi pa mzere pamakwera, timinga tabodza n'kumera apa ndi apo. Ndinatsala pang'ono kuthawa frequency yabwinobwino chifukwa cha timinga timeneti. Ndikamayesa ndimazula tchaja, laputopu iziyendera batire, ndiponso ndimaika chida kutali ndi laputopu mmene chingwe chingalolere.

Pali zinthu ziwiri zimene sindichitira mu Wine. Kuika firmware yatsopano, pulogalamu ya m'kati mwa chida, ndimachitira mu Linux mwachindunji ndi kapulogalamu ka dfu-util, chifukwa chida chikalowa mu DFU, momwe chimalandirira firmware, sichikhalanso doko la COM, ndipo ntchito imeneyo ikadukira panjira imabweretsa chintchito china. Komanso tsiku la ukwati lenilenilo laputopu sindiitulutsa. Anthu ali piringupiringu, a MC akufuna maiki, akwati ali pachipata. Pamenepo ndimangoyatsa kachidako m'manja n'kuyang'ana ngati a vidiyo abwera ndi maiki awoawo amene akhala pa frequency yathu. Laputopu ndi ya dzulo lake, pokonzekera.

Iliponso pulogalamu ina, QtTinySA, yolembedwa mu Python, imene imayenda pa Linux popanda Wine. Amene mukuyamba kumene mungayese imeneyo kuti mupewe nkhani ya manambala a COM, ngakhale za dialout ndi chingwe zidzakupezanibe. Ine ndakhazikika pa tinySA-App chifukwa ndi imenenso mnzanga amene timasinthana naye ntchito amagwiritsa pa Windows, ndipo mafayilo ake ndimawatsegula kwanga monga alili. Sabata ino wanditumizira la holo ina ku Area 47 kumene ndikagwire Loweruka, ndipo ndaona kale kuti maiki awiri ndiyenera kuwasuntha.