Nambala ya 116 ndi yabwino, koma mwana ayeserere kaye kuimbira

Nambala ya 116, yodziwika kuti Tithandizane, ndi ya foni yothandizira ana amene ali pa mavuto, ndipo imayendetsedwa ndi bungwe loona za achinyamata la YONECO la ku Zomba. Ndi yaulere, imapita ngakhale m'foni mulibe mayunitsi, ndipo manambala atatu okhawo mwana wa Sitandade 1 amawaloweza tsiku lomwelo. Kwa kholo kapena mphunzitsi wofuna kuyamba kuphunzitsa ana za malamulo, ife tikuona kuti apa ndiye poyambira.

Chifukwa chake ndi ichi. Mukamuuza mwana kuti kuchokera mu 2017 malamulo oyendetsera dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo sangalowe m'banja, amangogwedeza mutu. Chimene akufuna kudziwa n'chakuti, "Nanga amalume akandikakamiza, ndikauze ndani?" 116 imayankha funso limenelo.

Komabe kuloweza nambala pakokha sikukwanira. Mwana wamantha akamva mawu achilendo pa foni amangoti zii, kenaka n'kudula. Muyeserere naye pa foni yozimitsa, inu mukhale woyankha. Azitha kunena zinthu zitatu: dzina lake, kumene ali (mudzi, mfumu, kapena sukulu yoyandikana nayo), ndi chimene chachitika. Za kumene ali ndizo ana amalephera kwambiri. Ambiri amangoti "kwathu". Musauze kalasi yonse kuti iimbe poyesa, mungatsekereze mwana amene ali pa mavuto enieni.

Chofooka chachikulu cha 116 sichili kwa oyankha ayi: mwana wamng'ono alibe foni, ndipo nthawi zina mwini foni m'nyumbamo ndi yemweyo akumuzunza. Kumidzi ina netiweki imavutanso. Choncho mwana asankhe yekha akuluakulu awiri owakhulupirira, mmodzi wosakhala wa pakhomopo, amene angamubwereke foni. Mayina awo ndi nambalayo alembe kuseri kwa chikuto cha kope.

Adziwenso kuti a 116 samanga munthu. Amapereka uphungu ndi kulumikiza nkhani ku Victim Support Unit (nthambi ya polisi yothandiza anthu ozunzidwa), ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kapena ku chipatala. Ngati mwana wagwiriridwa, musachedwe ndi kudikira foni: mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo ndi bwino apite ku chipatala asanasambe, atatenga zovala zimene anavala.